Ndalama za kampeni: ife, Azambia ndi Amozambiki

Pa nkhani ya ndalama za kampeni, Malawi ali patsogolo pa Zambia, koma papepala pokha. Lamulo la zipani za ndale la 2018 likuletsa wopikisana pachisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna mavoti, ndipo wopezeka wolakwa chilango chake ndi K10 miliyoni komanso zaka zisanu kundende. Lamulo lomwelo likuti chipani chiziulula munthu amene wachipatsa ndalama zofika K1 miliyoni. Koma mkulu wolembetsa zipani, mwini wake woonetsetsa kuti zimenezi zikutsatidwa, anasankhidwa mu 2024. Chisankho cha 2019 ndi chobwereza cha 2020 zinadutsa ofesi yakeyo isanaime.

Ndipo amene anafikako pamsonkhano wa ndale kumudzi akudziwa momwe zimathera. Amayi amavina kuyambira m'mawa dzuwa lili pamutu, bwana amafika madzulo, ndipo akangonyamuka anthu amathamangira kwa tcheyamani amene wasiyiridwa envelopu. Pamakhala kukankhana, wina kutuluka ndi ka K2,000, wina chimanjamanja, kenako ulendo wobwerera kunyumba pa lole usiku. Chitenje ndi tisheti lamulo limazilola. Envelopu ija ndiye mlandu, koma ndani akaneneze tcheyamani wa m'mudzi mwake?

Ku Zambia kugula mavoti ndi mlandu ndithu, koma bilu yoona za ndalama za zipani imene inabwera mu 2017 siinadutse. Anzathuwa anapeza njira yawo. Mu 2011 chipani cha MMD cha a Rupiah Banda chinali ndi boma m'manja, magalimoto, njinga ndi zitenje zosawerengeka. A Michael Sata ndi chipani chawo chotsutsa cha PF anauza anthu kuti "don't kubeba": landirani, idyani, koma musawauze komwe mukavote. MMD inagwa itakhala m'boma zaka 20. Mu 2021 mankhwala omwewo anamwetsedwa PF, a Hakainde Hichilema n'kupambana a Edgar Lungu a PF ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi.

Nzeru imeneyi ndimailemekeza, ndipo nafe timaidziwa, n'chifukwa chake aphungu ambiri sabwerera ku Nyumba ya Malamulo chisankho chikachitika. Koma sindikhutira nayo. Imalanga wogawayo, inde, koma siifunsa kuti ndalamazo anazitenga kuti. Ndipo funso lalikulu ndi limenelo.

Yankho lake likuoneka bwino ku Mozambique. Mu 2013 ndi 2014 boma linaikira kumbuyo ngongole za pafupifupi $2 biliyoni, Nyumba ya Malamulo osadziwa, m'dzina la makampani atatu: Ematum, ProIndicus ndi MAM. Ankati ndi zogulira maboti ophera nsomba ndi olondera nyanja. Pamlandu wa ku New York mu 2019 panatuluka umboni wakuti kampani yogulitsa mabotiwo, Privinvest, inapereka $10 miliyoni ku chipani cha Frelimo. Zitaululika ngongolezo mu 2016, maiko othandiza anatseka mpopi, ndalama ya metical inagwa, ndipo abale athu ku Tete ndi ku Angónia anayamba kugula mafuta ophikira ndi sopo pamtengo wokwera. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Manuel Chang, anawapeza olakwa ku America mu 2024. Mlimi amene anavala kapu ya chipani analipira kapuyo kangapo osadziwa.

Kwathu kuno n'chimodzimodzi, kungoti timaona mchira wokha. Mu 2025 mwamuna wofuna uphungu amayenera kulipira K2.5 miliyoni ku MEC kuti dzina lake lilowe papepala lovotera, wofuna upulezidenti K10 miliyoni. Izo ndi zapakhomo chabe. Pali mafuta a galimoto, zisankho zachipulula za m'chipani, mabokosi a maliro, fizi ya ana a m'dera, mipira ya anyamata. Mphunzitsi kapena namwino wanzeru zake sangayambe n'komwe. Amene wakwanitsa amalowa m'Nyumba ya Malamulo ali ndi ngongole kwa wamalonda amene anamuthandiza, ndipo wamalondayo sanapereke chifukwa chokonda demokalase. Akudikira kontrakiti ya feteleza, ya msewu, ya mafuta. Tisamadabwe tsono tikaona aphungu a mbali zonse akugwirizana mwachangu pa malipiro awo ndi pa ndalama za chitukuko cha m'madera awo (CDF), pamene nkhani ya mankhwala m'zipatala imangokankhidwira ku komiti.

Chimene ndimasirira chili ku Joni. Kuyambira pa 1 Epulo 2021, bungwe la zisankho la IEC ku South Africa limasindikiza miyezi itatu iliyonse mayina a anthu ndi makampani amene apereka ndalama zambiri ku ANC, DA ndi zipani zina, ndi kuchuluka kwake. Sikuti katangale anatha kumeneko, ayi, koma mtolankhani atha kuika mndandandawo pambali pa mndandanda wa opata makontrakiti a boma n'kufunsa mafunso. Lamulo lathu la 2018 likupereka kale mphamvu yofunsa zipani mayina amenewa. Ofesi ya mkulu wolembetsa zipani iwatulutse poyera, a DPP, MCP, UTM ndi UDF omwe, chaka ndi chaka, isadikire kampeni ya 2030.