Voti ya "wako ndi wako": ife ndi a ku Zambia timasiyana pati?

Abale athu a ku Chipata amakonda kutiseka kuti Amalawi timayamba tafunsa kwawo kwa munthu tisanachonge dzina lake. Sindikana. Mu 1994 zotsatira za chisankho cha pulezidenti zinachita kugawika ngati minda: Kummwera Bakili Muluzi, Pakati Kamuzu Banda, Kumpoto Chakufwa Chihana. Koma iwonso asadziyeretse. Mu 2016, ku Dundumwezi m'boma la Kalomo, Edgar Lungu sanafike ngakhale mavoti 300 pomwe Hakainde Hichilema anapitirira 30,000.

Ine ndimaona kuti anatiposa pa matauni, osati pa mtima. Migodi ya ku Copperbelt inasonkhanitsa Abemba, Alozi, Atonga, Angoni ndi Achewa m'komboni imodzi, n'kukwatirana. Mwana wobadwira ku Kitwe kapena ku Lusaka, bambo Mlozi mayi Mnsenga, ungamuuze kuti "wako" ndi uti? Anthu amenewa ufa ukakwera mtengo sachedwa kutembenuka. Anatembenukira zipani zolamula: UNIP mu 1991, MMD mu 2011, kenaka PF mu 2021. Kwathu kuno ambiri tikukhalabe kumudzi, kumene chilankhulo cha pamsonkhano ndi mawu a mfumu zimalemera kwambiri.

Pa khungu ndiye pali nkhani yoseketsa. Pulezidenti Michael Sata anasankha mzungu, Guy Scott wobadwira ku Livingstone, kukhala wachiwiri wake mu 2011. Sata atamwalira mu October 2014, Scott anagwirizira mpando kwa miyezi itatu. Komabe pa chisankho cha January 2015 sanaime. Chinamutchinga ndi lamulo la 1996 loti makolo onse awiri a wopikisana akhale Azambia obadwa nawo, ndipo lamulolo analikonzera Kenneth Kaunda, chifukwa makolo ake anachokera kwathu kuno. Msampha wotchera mwini "One Zambia, One Nation" unakakola mwana wa Mskotishi. Kuno, kodi Mmwenye wobadwira ku Limbe tingamulole kufika pamenepo? Pa uphungu inde zachitikapo, koma kupitirira apo ndikukayika.

Lamulo la 50+1, loti wopambana apeze mavoti oposa theka, a ku Zambia anatitsogolera nalo mu 2016. Ife tinadikira mpaka khoti litafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 February 2020. Ubwino wake ndi woti chigawo chimodzi sichikukwaniranso. Lazarus Chakwera anafunika Saulos Chilima ndi mgwirizano wa Tonse kuti apeze pafupifupi 59 peresenti. Kuipa kwake, zipani tsopano zimawerengetsera mitundu ngati matumba a chimanga posankha wachiwiri.

Koma Mmalawi si wouma mutu ngati momwe a ku Chipata amanenera. Mu 2009 makuponi a feteleza anapatsa Bingu wa Mutharika pafupifupi 66 peresenti, Kumpoto komwe. Mu September 2025, anthu atatopa ndi mizere ya mafuta komanso kukwera mtengo kwa zinthu, Peter Mutharika anabwerera ndi mavoti oposa 56 peresenti, ena mwa iwo ochokera m'maboma a Pakati pomwepo.