Ndalama ya gasi musawapatse m'manja amayi

Kwa inu amene makolo anu akukalambira ku UK: £100 ija mumawaponyera amayi n'kulemba kuti "ya gasi", kawirikawiri siifika ku gasi. Ina ipita kumudzi pa maliro, ina fizi ya mdzukulu, ina chopereka kutchalitchi. Eni ake akhala pa sofa atavala majuzi atatu ndi mpango kumutu, hita ili chizimire, ndipo mukaimba foni yankho n'lakuti "tili bwino mwanangu". Sikuti akunama. Kwathu chisanu cha mu Juni timachipirira ndi bulangete. Koma cha kuno chimayamba mu Novembala mpaka Malichi, ndipo kwa munthu wachikulire, makamaka wa BP kapena chifuwa, nyumba yozizira imam'goneka m'chipatala. Azaumoyo amati chipinda chimene akukhalamo chisatsike pansi pa 18°C.

Maganizo anga ndi akuti ndalamayo muzilipira nokha ku kampani ya gasi ndi magetsi, koma bilu ikhale m'dzina lawo. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amasamutsira biluyo m'dzina la mwana poganiza kuti apeputsa zinthu, osadziwa kuti Warm Home Discount, £150 imene imachotsedwa pa bilu ya magetsi, imafuna dzina la kholo kapena la mnzawo wapabanja pa biluyo. Chofunika n'kuimbira kampani muli limodzi, iwo anene pakamwa pawo kuti akukulolani kuyendetsa akauntiyo. Mukatero mumaona ngongole yonse ndipo mutha kulipira pa khadi lanu. Pa foni yomweyo pemphani kuti alembedwe pa Priority Services Register, kaundula wa makasitomala ofunika chithandizo chapadera. N'zaulere, ndipo magetsi akazima okalamba olembedwawo amaganiziridwa msanga. Werenganinso manambala a pa mita n'kuwatumiza, chifukwa bilu yongoyerekeza imatha kubisa ngongole kwa miyezi, kenako n'kudzaphulika mu Januwale.

Ngati ali pa mita yogulira mayunitsi, ngati ya ESCOM ija, pali msampha wina. Mita ya kuno imadya standing charge, ndalama yokhazikika yolipirira kulumikizidwa, tsiku lililonse, ngakhale gasi asakugwiritsidwa ntchito. Munthu amene sanathiremo kanthu chilimwe chonse akaika £20 mu Okutobala, gawo lina limapita ku ngongole imeneyo, iye n'kumati mita ikuba. Muzithiramo pang'onopang'ono chaka chonse. Ikakhala smart meter, mita yolumikizana yokha ndi kampani, mutha kuthira pa foni muli ku Leeds iwo ali ku Luton.

Musanatulutse zanu, fufuzani zimene boma liyenera kuwapatsa. Chachikulu ndi Pension Credit, ya amene afika msinkhu wa penshoni koma amapeza zochepa. Makolo athu ambiri saipempha, ena manyazi, ena mafomu amawatopetsa. Imabwezedwa m'mbuyo mpaka miyezi 3, ndipo ngakhale itakhala mapaundi ochepa pa sabata, imatsegula Warm Home Discount ija komanso Cold Weather Payment, £25 imene imaperekedwa kukazizira 0°C kapena kutsikirapo kwa masiku 7 otsatizana pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi. Palinso Winter Fuel Payment, ndalama yothandiza okalamba kutenthetsa nyumba m'chisanu: £200, kapena £300 kwa azaka 80 kupita m'tsogolo. Malamulo ake anasinthidwa mu 2024 n'kusinthidwanso mu 2025, ndiye onani pa GOV.UK, webusaiti ya boma, za chaka chino. Ku Scotland zina mwa izi zili ndi mayina ndi malamulo akeake. Mabungwe a Age UK ndi Citizens Advice amathandiza kuwerengera ndi kudzaza mafomu kwaulere.

Apa chenjerani. Ngati pa viza ya kholo panalembedwa "no recourse to public funds", kutanthauza kuti saloledwa kulandira ndalama zachithandizo za boma, musawapemphere Pension Credit kapena malipiro a chisanu a bomawa musanafunse wodziwa za malamulo olowera m'dziko, chifukwa zitha kusokoneza mapepala awo. Priority Services Register ndi kukambirana ndi kampani zolipira ngongole pang'onopang'ono sizikhudzana ndi viza.

Tsopano m'nyumbamo. Kholo likaopa bilu limazimitsa boiler, chipangizo cha gasi chotenthetsa nyumba yonse, n'kugula kahita ka magetsi ka £20, poganiza kuti kachepa thupi ndiye kadya pang'ono. Hita ya 2 kW imadya mayunitsi 2 pa ola. Yuniti ya magetsi ikakhala 25p, maola 8 ndi £4 pa tsiku, £120 pamwezi, chipinda chimodzi chokha. Yuniti ya gasi imatsika mtengo pafupifupi kanayi. Ndi bwino kuyatsa boiler, thermostat (kachipangizo koikira mlingo wa kutentha) ikhale pa 18 mpaka 21°C, ma radiator (zitsulo za pakhoma zotulutsa kutentha) a zipinda zosagonamo munthu muwatsitse pa 1 kapena 2 pa kavalavu kake n'kutseka zitseko. Osawazimitsiratu, makoma amachita chinyezi n'kumera nkhungu, mapaipi nawo amatha kuuma ndi ayezi n'kuphulika. Ikani timer kuti nyumba itenthe asanadzuke, chifukwa mukasiya kuti aziyatsa okha, sayatsa.

Gwirani radiator iliyonse ndi dzanja. Ikatentha pansi koma pamwamba pali zii, muli mpweya. Zimitsani boiler, idikireni izizire, tengani kakiyi ka radiator ndi kansanza, potokolani pang'ono kavalavu ka pakona mpaka mpweya usiye kulira ndipo madzi ayambe kudontha, n'kutseka. Kenako onani geji ya boiler, iyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar ikakhala yozizira. Sofa imene yatsamira radiator isunthidwe. Pansi pa chitseko pamene pakulowa mphepo, ngakhale thaulo lakale lopindidwa limagwira ntchito. Bulangete la magetsi ndiye mphatso yanzeru: limadya mawati 100 kapena kuchepera, kusiyana ndi 2,000 a hita ija. Koma lakale lothetheka waya litayidwe, ndipo lisagwiritsidwe ntchito pamodzi ndi botolo la madzi otentha.

Chimene muyenera kukana mwamphamvu, ngakhale akwiye, ndi kuotha moto wa makala m'nyumba kapena kusiya chitofu cha gasi chili chiyakire kuti chifunditse khitchini. Mbaula timaidziwa, koma nyumba za kuno n'zotsekeka ponseponse, ndipo mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka. Munthu amangomva mutu ndi chizungulire, n'kugona osadzukanso. Gulani alamu ya mpweya umenewu, muiyike m'chipinda chimene muli boiler kapena moto wa gasi, ndipo muidine batani mwezi uliwonse. Ngati akuchita lendi, landilodi ali ndi udindo woyezetsa zida za gasi chaka chilichonse ndi munthu wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, komanso wokonza boiler ikafa. Pemphani pepala la chaka chino mulione ndi maso anu, ndipo boiler ikavuta mulembereni uthenga wokhala ndi deti m'malo mongoimba foni.