Lift bag si mkanda wovala pachifuwa

Anzanga amene timapitira limodzi ku Cape Maclear kukalowa pansi pa nyanja, lero ndinene poyera: katundu wolendewera pachifuwa uja tisiye.

Ndikumvetsa chimene chimatichititsa. Kuno ku Zomba tilibe poyeserera, Chilwa ndi yosaya komanso matope okhaokha. Ndiye munthu ukayenda ulendo wonse wodzera ku Liwonde ndi Mangochi, umafuna chilichonse chimene unagula chilowe nawe m'madzi. Tochi, spool (chokulungapo chingwe), mpeni, lift bag (chikwama chimene timathiramo mpweya kuti chikweze zinthu kuchokera pansi pa madzi), zonse lendelende ngati njinga ya makala yotsika ku Ku Chawe.

Komatu sidemount yathuyi, kuvala masilinda a mpweya m'mbali mwa thupi osati kumsana, inayamba ndi anthu olowa m'mapanga a madzi ku England m'zaka za m'ma 1960. Ankaika masilinda m'mbali kuti adutse mopanikizika. Masilinda akakhala m'khwapa atagwidwa ndi mphira, mavavu amakhala pafupi, dzanja limafika msanga. Ukadzaza pachifuwa wadzitsekera wekha njira.

Ine zinandionekera pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Ndinakoleka spool kutsogolo, ndili kalikiliki kuyang'ana mbuna m'miyala, chingwe chinamasuka n'kuzenga vavu ya kumanzere. Mnzanga ndiye anandimasula, uku akuseka mpaka thovu kutuluka. Pamenepo panalibe matchera otayidwa. Akanakhalapo, sakanaseka.

Panopa lift bag ndimaipinda mothina, mpweya wonse utuluke, n'kuilowetsa m'kathumba kakumbuyo, m'munsi mwa msana. Spool imalowa momwemo itatsekedwa. Ena amakonda kuimanga ndi mphira ziwiri kunja kwa kathumbako, zimenezo sindikangana nazo, bola isalendewere. Mpeni wokha ndiye umakhala kutsogolo, poti manja onse awiri afikepo.

Ena amati kumbuyo sikuoneka. Zoona, n'chifukwa chake ndimayeserera pakhonde nditatsinzina, ana n'kumaona ngati bambo awo zawasokonekera.

Ndipo lift bag ija mukaitulutsa, chonde musaikoleke pathupi panu. Lita imodzi ya mpweya imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo mpweya umene mwaika pa mamita 10 umafufuma kawiri pofika pamwamba. Chikwamacho chikayamba kukwera liwiro limangowonjezereka, ndipo ngati mwadzimangirira chikutengani.

Amene tikupita mwezi wamawa, bweretsani zida zanu Loweruka tidzazione limodzi. Mphira ndili nazo zambiri.