Ku Joni amamuombera m'manja, kwathu amayamba afunsa za chitenje

Loweruka lapitali ndinali ku saluni ina ku Rosettenville, muno mu Joni, komwe oluka tsitsi ambiri ndi akumudzi kwathu. Pa TV panabwera vidiyo ya Nadia Nakai, mkazi woimba rap wa ku South Africa. Mayi wina wa ku Mangochi, chipeso chili m'manja, anangoti, "Koma ameneyu makolo ake alipo?" Mtsikana amene ankalukidwa anati, "Anti, mwamva zimene akuimbazo?" Antiwo sanamve. Kunena zoona, tonse m'saluni muja maso anali pa zovala.

Kuno ku South Africa mkazi woimba rap ali ndi poyambira. Gulu la atsikana la Godessa linatulukira ku Cape Town kalekale, cha m'ma 2000. Pambuyo pake kunabwera Gigi Lamayne, Rouge, Fifi Cooper, Moozlie. Pali wayilesi ngati YFM, pali mphoto za South African Hip Hop Awards, pali chikondwerero cha Back to the City ku Newtown. Sho Madjozi anakatenga mphoto ya BET ya ku America mu 2019, iye amene amavina atavala xibelani, siketi ya chikhalidwe cha kwawo, ndi kuimba m'Chitsonga. Sanachite kuvula kuti dziko limuone. Komabe musanamizike. Mphoto ya "mkazi wopambana" ili ngati mkeka woyalidwa pambali: amuna akulimbirana mpando wa ufumu, akazi akupikisana okhaokha pakona. Ndipo m'mavidiyo ambiri a amuna, mtsikana amangokhala chokongoletsera, pafupi ndi galimoto ndi botolo la mowa.

Kwathu mukati mutchule oimba rap, pakamwa pamabwera msanga Tay Grin, Gwamba, Fredokiss, Phyzix. Akazi alipo, monga Toriah ndi Lady Pace, koma muyenera kuyamba mwakanda m'mutu kuti muwakumbukire. Mtsikana akaimba nyimbo zauzimu, mpingo wonse umamunyadira. Akagwira maiki n'kuyamba kulavula mawu, achibale amayamba kunong'ona kuti walowerera, ndipo pa Facebook dzina limene amapatsidwa sindingalilembe pano. Situdiyo nazo ndi za amuna, pulodyusa mwamuna, wokonza shoo mwamuna, wa pawayilesi mwamuna. Mwana wamkazi akabwerako usiku kojambula nyimbo, kunyumba kumakhala mlandu.

Izi zili ndi mizu yake. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi mpaka ulamuliro wa Kamuzu utayamba kugwedezeka. Lamulo linachoka, maganizo anatsala. Mu Januwale 2012 mavenda anavula amayi ovala mabuluku ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma Joni asadzitame: mu 2008 pa renki ya Noord, pakati pa tauni pomwepa, oyendetsa mateksi anazunza mtsikana chifukwa cha siketi yaifupi, mpaka amayi anachita zionetsero. Msewu ndi umodzimodzi. Kusiyana n'kwakuti kuno thupi la mkazi likafika pa sikirini limasanduka malonda, ndipo ena mwa akaziwo aphunzira kudzigulitsira okha, ndalama n'kulowa m'thumba mwawo. Kwathu amalandira chitonzo chokha, ndalama osaiona.

 

Tsitsi litatha, mtsikana uja anatulutsa foni n'kutiyikira mavesi ake a rap, ojambulidwa m'chipinda cha mnzake ku Turffontein. Chichewa chokhachokha, chothyakuka bwino, chonena za lendi ndi mapepala a pamalire. Antiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mawuwo ali bwino. Koma mayi ako ku Zomba akudziwa?"