Maganizo anga pa kamangidwe ka timu ya mpikisano mu Pokémon

Nthawi zonse okonda masewera a Pokémon akayamba kukambirana za kamangidwe ka timu yopikisana nayo, sipalephera kupezeka wina wotchula Pachirisu, kagologolo kamagetsi kamene Sejun Park wa ku South Korea anapambana nako mpikisano wa dziko lonse mu 2014 ku Washington, D.C. Ambiri mwa otchula nkhaniyi amafuna kutsimikiza kuti munthu angathe kutola zilombo 6 zimene amazikonda, n'kuzilowetsa m'bwalo, n'kupambana chifukwa cha chikondi chakecho. Ine ndikuona kuti kamvedwe kameneka n'kolakwika, ndipo kakubwezera m'mbuyo osewera ongoyamba kumene, chifukwa akagonja amadandaula za tsoka pamene vuto lenileni ndi timu yomangidwa popanda cholinga. Pachirisu analowa m'timu ija chifukwa panali ntchito imene mwini timuyo ankafuna wina aigwire, ndipo pa malamulo a chaka chimenecho woigwira bwino anali iyeyo.

Amene sanasewerepo mpikisano wa VGC, umene ndi wovomerezeka ndi eni masewerawa, ayenera kudziwa kaye mmene malamulo ake amapanikizira womanga timu. Nkhondo imamenyedwa awiriawiri. Wosewera amabwera ndi zilombo 6, koma akaona za mnzake amasankhapo 4 zokha, ndipo zonse zimaikidwa pa levulo 50. Saloledwa kubwereza chilombo chimodzi kawiri, kapena kupatsa zilombo ziwiri chinthu chonyamula chofanana. Chilombo chilichonse chimadziwa njira zomenyera 4, kotero timu yonse ili ndi malo 24 okha, ndipo angapo mwa malowo amatengedwa kale ndi Protect, njira yodzitchinjiriza imene pafupifupi timu iliyonse ya awiriawiri imaidalira. Mwa ichi malo alionse amene mwawapereka chifukwa cha kukongola kwa chilombo mwawalanda ku yankho limene mudzalifune tsiku lina mutapanikizika.

Tsopano tiyeni tione chimene Sejun Park anachita. Mmodzi mwa omenya akuluakulu a timu yake anali Gyarados, amene asanasanduke Mega (maonekedwe amphamvu koposa amene zilombo zina zimasandulika nkhondo ili mkati) amakhala wa mtundu wa madzi ndi wouluka, zimene zimachititsa kuti magetsi azimupweteka kuwirikiza kanayi. Gyarados amaopsa kwambiri akapeza mpata wovina Dragon Dance, imene imakweza mphamvu ndi liwiro lake, koma pa ulendo umene akuvinawo sakumenya aliyense ndipo ali pa mbalambanda. Pamafunika mnzake woti akope nkhonya zonse zibwere kwa iye. Ambiri chaka chimenecho ankapereka ntchitoyi kwa Amoonguss ndi Rage Powder yake, njira ya ufa yokopa nkhonya za adani, koma kuyambira mu Pokémon X ndi Y, amene anatuluka mu 2013, njira za ufa zinasiya kugwira zilombo za mtundu wa udzu ndi zonse zovala Safety Goggles, komanso Amoonguss amaopa moto ndi zouluka, pamene Talonflame, wa mtundu wa moto ndi wouluka, anali paliponse. Follow Me, njira ina yokopa nkhonya, ilibe vuto la ufalo. Togekiss, amene amadziwika nayo kwambiri, sanali wololedwa chifukwa mu 2014 munkalowa zilombo za m'kaundula wa dera la Kalos zokha. Pachirisu anali ndi Follow Me, ndipo pamwamba pake anali ndi luso lobadwa nalo la Volt Absorb, lotanthauza kuti magetsi amene mdani waponyera Gyarados akakokedwa n'kugwera pa iye, m'malo momuvulaza amamuchiritsa.

Sizinathere pomwepo. Mphamvu yomenyera ya Pachirisu ndi 45 yokha, ndipo manambala ake onse akaphatikizidwa amakwana 405 poyerekeza ndi 600 a Garchomp, choncho panafunika njira zimene sizidalira mphamvu. Super Fang imadula pakati moyo umene mdani watsala nawo, kaya womenyayo ndi wofooka chotani. Nuzzle ikangogunda imaumitsa thupi la mdani, ndipo m'masewera a nthawi imeneyo kuuma thupi kunkatsitsa liwiro kufika pa gawo limodzi mwa magawo 4. Anamunyamulitsa Sitrus Berry kuti azibwezeretsa moyo ukachepa, ndipo anamulera mopirira, moti pa masewera omaliza, polimbana ndi Jeudy Azzarelli, kagologoloko kanalandira Draco Meteor, nkhonya yamphamvu kwambiri ya Salamence, n'kukhalabe chilili. Chilichonse pa chilombochi chinayankha funso linalake. Ndipo amene amatamanda Pachirisu amaiwala kutchula anzake a m'timumo, omwe ndi Garchomp, Talonflame, Gardevoir, Gothitelle ndi Gyarados, ambiri a iwo odziwika kale pa mpikisano wa chaka chimenecho.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti womanga timu ayenera kuyamba ndi funso lakuti: ndidzapambana motani? Yankho lake liyenera kukwana m'chiganizo chimodzi chomveka. Wina anganene kuti adzagwetsa mvula ndi Drizzle ya Pelipper kuti chilombo cha Swift Swim chithamange kuwirikiza kawiri, uku njira za madzi zikumenya mwamphamvu. Wina anganene kuti adzatembenuza liwiro ndi Trick Room kuti Torkoal, amene ndi woyenda pang'onopang'ono kwambiri, ayambe ndi iye kuphulitsa Eruption moyo wake usanachepe. Zilombo ziwiri zimene zanyamula chiganizocho ndizo tsinde la timu. Zinayi zotsalazo zimabwera poyankha mafunso otsatira, monga lakuti ndani angaimitse dongosololi, ndani wa ine angamuchotse ameneyo, ndiponso kuti ndidzachita chiyani pa masewera amene tsindelo ndalisiya kunja. Funso lomalizali ambiri salifunsa. Timu yokhala ndi njira imodzi yokha yopambanira imagwa ikangokumana ndi munthu amene anaikonzekera, ndipo poti pa mpikisano waukulu mumasewera mpaka wina apambane kawiri pa masewera 3, mnzanuyo amakhala waphunzira kale pofika masewera achiwiri.

Pa zonse zimene timu iyenera kukhala nazo, ine ndimaika patsogolo njira yolamulira liwiro, chifukwa pa nkhondo ya awiriawiri amene wayamba kumenya nthawi zambiri amachotsa chilombo chimodzi chisanachite kanthu. Tailwind imawirikiza kawiri liwiro la mbali yanu kwa maulendo 4, ndipo Whimsicott amaiponya ena asanasunthe chifukwa cha luso lake la Prankster. Trick Room imakhala maulendo 5 kuwerengera ndi ulendo umene yaikidwa, koma imachitika pamapeto penipeni pa ulendowo, kotero woiikayo ayenera kupirira nkhonya ziwiri, kapena akhale ndi mnzake wa Fake Out (njira yoimitsa mdani mmodzi kwa ulendo umodzi) kapena Follow Me womuteteza. Icy Wind imatsitsa liwiro la adani onse awiri. Timu imene ilibe ngakhale imodzi mwa njira zotere ndimaiona kuti sinamalizidwe, ngakhale itadzaza ndi zilombo zoopsa chotani.

Kenako pali nkhani ya manambala, imene ambiri amaithawa. Chilombo chilichonse chili ndi ma EV 510, mapointi okwezera mbali monga mphamvu, liwiro, moyo ndi chitetezo, oti agawidwe, ndipo mbali imodzi singalandire oposa 252. Chizolowezi cha ongoyamba ndicho kuthira 252 ku mphamvu ndi 252 ku liwiro, n'kumati ntchito yatha. Nthawi zina kuteroko n'kolondola, makamaka pa chilombo chonyamula Focus Sash (chinthu chochipulumutsa kuti chisagwe ndi nkhonya imodzi moyo ukakhala wodzaza) chimene sichikuyembekezeka kukhalitsa. Koma kagawidwe kabwino kamakhala ndi dzina la mdani pambali pake: ndaika ochuluka chonchi kuti ndipirire nkhonya yakutiyakuti kuchokera kwa uje, ndipo ndaika ochuluka chonchi kuti ndipose liwiro la uje ndi nambala imodzi. Nambala imodziyo ndi yokwanira, pakuti wa liwiro 151 amayamba kumenya wa liwiro 150 pokhapokha patakhala Trick Room kapena njira yotsogola ngati Fake Out, ndipo chilichonse chopyola pamenepo chikanatha kupita ku moyo kapena ku chitetezo. Katswiri wa bawo amawerengeratu m'mutu bowo limene njere yomaliza ikagwere asanatape n'komwe, ndipo womanga timu naye ayenera kukhala pansi ndi chowerengetsera kuvulala, chimene chimapezeka mwaulere pa intaneti, nkhondo isanayambe. Pachirisu sanapirire Draco Meteor ija mwangozi.

Ndikudziwa dandaulo limene limabwera pamenepa, lakuti ngati aliyense awerengetsera chimodzimodzi, matimu onse adzafanana. Dandauloli lili ndi maziko. Mu 2015 ku Boston, pamene Shoma Honami wa ku Japan anapambana, matimu ambiri ofika kumapeto anali ndi Kangaskhan, Landorus, Cresselia, Heatran ndi Amoonguss, ndipo oonerera ambiri anatopa nazo. M'zaka zaposachedwa dzina limene anthu atopa nalo ndi Incineroar. Komabe tiyenera kuvomereza chifukwa chimene amapezekera paliponse. Akangolowa m'bwalo amatsitsa mphamvu ya adani onse awiri ndi Intimidate, pa ulendo woyamba amaimitsa mmodzi ndi Fake Out, amagwetsa chonyamula cha mdani ndi Knock Off, kenako amatuluka ndi Parting Shot atafooketsanso wina, kuti akadzalowanso abwereze zonsezo. Ntchito zimene zikanafuna zilombo ziwiri kapena zitatu iye amazigwira yekha. Simukukakamizidwa kumugwiritsa ntchito, koma mukamusiya muyenera kudziwa amene agwire ntchitozo, kapena mukhale ndi chifukwa chomveka chimene timu yanu sikuzifunira. Kumukana chifukwa chongoipidwa ndi kutchuka kwake n'kudzilanga nokha.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti chilombo chachilendo chimapeza malo pomwepo pamene matimu afanana, chifukwa adani ake amadziwika ndi mayina. Mu 2016 ku San Francisco, Wolfe Glick anapambana ndi timu yokhala ndi Raichu pambali pa Kyogre ndi Rayquaza. Kyogre ndi wa madzi ndipo amaopa magetsi, pamene Raichu wa luso la Lightning Rod amakokera magetsi kwa iye mwini, komanso ali ndi Fake Out yothamanga kwambiri. Maganizo ake ndi omwe aja a Pachirisu: wamkulu wofunika chitetezo, ndi wamng'ono amene luso lake likugwirizana ndendende ndi chosowacho.

Kwa amene akuyamba, malangizo anga ndi amene ena amawaona ngati ochititsa manyazi: tengani timu ya katswiri monga ilili, muisewere kwa nthawi yaitali musanasinthe kanthu. Ambiri a ife sitingakwanitse kugula Nintendo Switch ndi gemu yake, koma Pokémon Showdown ndi yaulere, imatseguka pa foni kapena pa kompyuta, ndipo imalola kumanga timu m'mphindi zochepa popanda kulera chilombo chilichonse. Imalolanso kusunga masewera amene mwasewera kuti muwaonerenso. Mukagonja, bwererani mukaone ngati munagonja posankha zilombo 4 zolakwika, pa ulendo wina umene munaganiza molakwika, kapena chifukwa chakuti m'timu yonse munalibe yankho. Chifukwa chachitatu chokhachi ndicho chimakupatsani ufulu wosintha timu, ndipo posinthapo sinthani chinthu chimodzi, chifukwa mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Ndionjezerepo ziwiri mwachidule. Kuyambira mu 2023, pa mipikisano ya pamaso ndi pamaso osewera amasinthana mapepala osonyeza njira, zonyamula, maluso ndi mtundu wa Tera (mtundu umene chilombo chingasinthire nkhondo ili mkati m'masewera a Scarlet ndi Violet) wa chilombo chilichonse, ndipo chobisika chimangotsala kagawidwe ka manambala. Timu yodalira kudzidzimutsa mdani ndi njira yobisika inatha mphamvu pamenepo. Chachiwiri ndi tsoka lija timalidandaula. Focus Blast imagunda ka 70 pa 100, Hydro Pump ka 80, Rock Slide ka 90, ndipo manambalawa amalembedwa poyera. Amene wadzaza timu ndi njira zotere wavomera yekha, pa tsiku limene ankamanga, kuti pa mpikisano wautali zina zidzaphonya pa nthawi yovuta.

Sindikunena kuti chikondi pa chilombo chilibe malo, pakuti ambiri a ife tinalowa m'masewerawa chifukwa cha chilombo chimodzi chimene chinatikopa. Ngati mukufuna wokondedwa wanuyo alowe m'timu, tsegulani mndandanda wa njira zake ndi maluso ake, mufufuze chimene iye angachite chimene chilombo china chololedwa sichingachite bwino koposa, ndipo mukachipeza mumange zisanu zinazo mozungulira chimenecho. Mukachisowa pa malamulo a nyengo ino, dikirani, chifukwa mndandanda wa zololedwa umasinthasintha ndipo amene akumutsekereza lero akhoza kuchotsedwa. Pakadali pano Smogon, bungwe la osewera la pa intaneti lokhala ndi malamulo akeake, ili ndi magulu a m'munsi a nkhondo ya mmodzimmodzi, monga RU, NU ndi PU, kumene zilombo zotchuka kwambiri siziloledwa, ndipo kumeneko wokondedwa wanuyo angapeze ntchito yomuyenera.