Mulungu wa moto wobadwira kunsi kwa phiri la Mulanje

Maganizo anga kwa anzanga olemba nkhani zopeka, makamaka inu achinyamata amene mwayamba kumanga maiko anuanu okhala ndi mafumu, mapiri ndi milungu yawoyawo. Mfundo ija yakuti mulungu amakula akamakhulupiriridwa ndi anthu ambiri, n'kufota akaiwalika, yasukuluka. Aliyense akulemba yomweyo. Mulungu wa moto akakhala ndi omulambira chikwi ndiye kuti malawi ake afika kumitambo, akatsala khumi wasanduka kakhala kofuka utsi. Kumeneko n'kuwerenga mavoti, abale, ndipo nkhani yotero imathera pa kampeni, ansembe a uyu kulanda anthu a uyo mpaka tsamba lomaliza.

Chimene chimandikoka ine n'china. Anthuwo akuti mulungu wawo ndi wotani? Nanga n'chifukwa chiyani akufuna kuti akhale wotero?

Taonani zimene anthu enieni adachita ndi moto wawo. Ku China kuli mulungu wa kukhitchini, Zao Jun. Chithunzi chake cha papepala chimakhala pamwamba pa malo ophikira chaka chonse, iye akuona zonse: amene watukwana apongozi, amene wabisa ndiwo. Chaka chikamatha amapita kumwamba kukanena za banjalo. Ndiye eni nyumba amamupaka uchi kapena zotsekemera zomata pamilomo, kenako n'kutentha chithunzicho kuti akwere ndi utsi. Akafika uko azikalankhula zokoma zokhazokha, apo ayi milomo imatane asalankhule n'komwe. Mulungu ameneyu adaumbidwa ndi anthu odziwa bwino akalaliki a boma ndi kachitidwe kawo. Ku Roma wakale mzinda umodzi womwewo udali ndi milungu iwiri ya moto yosiyana kotheratu. Vesta adali moto wa pakhomo, wosungidwa pakati pa mzinda ndi anamwali amene ankatumikira zaka 30, ndipo ukazima anthu ankati mzinda uli pangozi. Vulcan adali moto wolusa, ndipo pa 23 Ogasiti ankamuponyera tinsomba pamoto kuti adye timeneto asiye anthu. Ku Hawaii, kumene phiri la Kilauea limasanza moto popanda wouyatsa, Pele ndi mkazi waukali amene sapangana ndi munthu.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti apa m'pamene pali nkhani. Mayina akuluakulu amene tidakula tikuwamva ndi a madzi. Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, ndi wa mvula. Makewana ku Msinja ankapempherera mvula. Napolo, amene akulu amati akamasamuka m'phiri amagumula miyala ndi mitengo, ndi wa madzi ndi matope. Adatchulidwa ku Phalombe mu Malichi 1991, adatchulidwanso mu 2023 pamene namondwe wa Freddy adakokolola midzi kuno. Koma moto, womwe timauona chaka ndi chaka ukuyenda m'phirimu, m'nthano zomwe tidakula nazo ulibe kachisi wake.

Ine ndimati chifukwa chake n'chapafupi. Mvula palibe amaigwetsa. Moto wa kuno kawirikawiri pamakhala amene wauyatsa.

Nthano ya ku Kaphirintiwa imanena zomwezi mosabisa. Ambiri a ife kuno makolo athu amaloza phiri la Namuli ku Mozambique, komabe nthano ya Achewa imeneyi tidaimva. Chauta ankakhala pansi pano pamodzi ndi anthu ndi nyama, mwamtendere. Tsiku lina munthu adapeka timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, moto n'kubuka, tchire n'kuyaka. Galu ndi mbuzi adathawira kwa munthu, nyama zina zidathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Nanzikambe adakwera mumtengo, koma Chauta adati wakalamba sangathe kukwera, mpaka kangaude adamulukira ulusi womukweza kumwamba. Kuchokera kumeneko Chauta adalamula kuti munthu azifa. Kwina amasimba za moto wobedwa kwa milungu. Kwathu moto ndi wa munthu, ndipo ndi umene udathamangitsa Mulungu. Wolemba wa kuno amene wasiya chuma chotere n'kukatola chimunthu cha minofu chonyamula nyundo yoyaka, ine ndimamumvera chisoni.

Ndiye mulungu wa moto m'dziko lopeka lofanana ndi Mulanje angabadwe bwanji? Ine ndikuti angabadwe m'bodza.

Mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, imani pa Chitakale usiku muyang'ane kuphiri. Mudzaona mzere wofiira ukukwawa m'matanthwe. Kukacha funsani amene wayatsa. Palibe. Chonsecho m'mudzi akudziwa kuti kudakwera alenje ndi agalu awo, kudakwera ofula njuchi, kuli ocheka matabwa mobisa, kuli ootcha makala. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo kwenikweni ndi m'phiri lino, udatha ndi macheka, ndipo timitengo tatsopano tikamera kapena tikabzalidwa moto umatipsereza tisanafike pena paliponse. Anyamata amalambula njira zotchinga moto chaka chilichonse, moto n'kudumphabe. Koma woyatsa sapezeka.

Tengani khalidwe limenelo mulipititse m'dziko limene zonena za anthu zimasanduka thupi. Mudzi wapsa mbali imodzi, mfumu yaitanitsa bwalo. Mlenje amene adayatsa akuti: "Wawa mfumu, ine ndidangoona chinthu chikudutsa." Timutche Namoto, pongofuna dzina. Amufunsa kuti moto udaoloka bwanji mtsinje, iye akuti chinthucho chili ndi miyendo italiitali. Mayi amene akudziwa kuti mwana wake ndiye adataya chikuni akuti Namoto amayenda usiku wokha, ndiye n'chifukwa chake palibe adamuona bwino. Amene nkhokwe yake idapsa pamodzi ndi ya mdani wake akuti Namoto ndi wakhungu, sasankha. Nduna ya mfumu, imene idalandira mwendo wa gwape kwa mlenje uja, ikuti chinthu chotere chimafuna nsembe. Aliyense waikapo chiwalo chimene chikumupulumutsa tsiku limenelo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akukhulupirira.

Amene adzakhulupirire ndi adzukulu. Iwo adzamva nkhaniyo ali pamsana, adzaiimba pamasanje, adzaopa ndi mtima wonse. Ndipo m'nthawi yawo Namoto adzatsikadi m'phiri, miyendo italiitali, wakhungu, woyenda usiku, wanjala ya nsembe, ndendende mmene adamunamizira agogo awo. Walira mvula walira matope. Nkhope yokha musamupatse. Onama aja adafotokoza miyendo, msana ndi mayendedwe, koma palibe adayerekeza kutchula nkhope poopa kuti ingafanane ndi ya mphwake.

Apa ndimasiyananso ndi olemba ambiri. Iwo amati anthu akangosiya kukhulupirira, mulunguyo wafa. Zimenezo n'zophweka mopitirira. Amene nyumba yake yapsa dzulo mungamuuze bwanji kuti asiye kukhulupirira? Namoto akangotentha mudzi umodzi safunanso mlaliki, phulusa likumulalikira. Choopsa kwa iye n'chimodzi chokha: nkhalamba ija yotsala, imene ikukumbuka dzanja limene lidagwira chikuni choyamba. Ndiye ngwazi ya nkhani yanu isakhale mnyamata wa lupanga lowala. Akhale gogo wa zaka zambiri amene ayenera kuima pabwalo n'kunena kuti adayatsa ndi iye kapena mlongo wake, akudziwa kuti mbumba yake yonse ilipira, ndiponso kuti mwina palibe amene amumvere chifukwa onse adamuona Namoto ndi maso awo.

Wina anena kuti moto si wolusa wokha. Zoona, ndipo wa pamafuwa ndi wokoma kuulemba. Kale machesi asanachuluke, moto ukazima pakhomo mwana ankatumidwa ndi phale kukapala kwa anansi. Ganizirani mulungu wamkazi amene amayenda m'phale choncho, nyumba ndi nyumba, mmodzi yemweyo mudzi wonse. Akudziwa amene wagona ndi njala, amene sakulankhulana ndi mkazi mnzake, amene waphika nkhuku mobisa. Nyumba imene yakanizidwa moto ndiye kuti yachotsedwa m'mudzi. Kenako wamalonda afika ndi machesi. Aliyense ayamba kuyatsa wake, ndipo mulungu uja agawika tizidutswa tosadziwana, kalikonse kotsekeredwa m'khitchini mwake, kokhulupirika kwa banja limodzi. Omulambira sadachepe ndi mmodzi yemwe, koma iye sali yemwe uja. Kuwerenga mitu ya anthu sikungakupatseni nkhani imeneyo.

Malamulo a matsenga nawo tili nawo kale, sitifunika kubwereka. Akulu amasiyanitsa munthu wotentha ndi wozizira. Amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake ndi wotentha, khanda ndi wodwala ndi ozizira, ndipo wotentha akathira mchere m'ndiwo kapena akagwira khanda pa nthawi yolakwika amati kubwera mdulo kapena tsempho. Kaya inu mumazikhulupirira kaya ayi, m'dziko lopeka limenelo ndi lamulo lamphamvu: ndani angayandikire kachisi wa moto, ndani angautenge, ndani angauzimitse. Mwina khanda lokha ndi limene lingamugwire Namoto osapsa.

Za moto wa kufakitale ya tiyi, umene umadya nkhuni za bulugamu zobzalidwa m'mizere ndipo umayaka potsata belu la ntchito, ndikusiyirani anzanga a ku Thyolo. Mulungu wake ayenera kuti ali ndi kapitawo ndi buku la matikiti.

Kwa abale anga opemphera, amene mwayamba kale kulemba kuti mlongo wathu wasochera, khazikani mtima pansi. Izi n'zopeka, ndipo Baibulo lenilenilo limaseka maganizo owerenga mituwa. Pa phiri la Karimeli aneneri a Baala adali 450, adafuula kuyambira m'mawa, adadzitematema, moto osatsika. Eliya adali yekha. Milungu imene tikukamba pano ndi ya mtundu wa Baala, yopangidwa ndi anthu, ndipo kuilemba bwino ndi kulemba za anthuwo.

Pempho langa limodzi: Mbona, Napolo ndi mizimu ya ku Sapitwa musaitenge n'kuiveka zovala za m'masewera a pafoni. Ku Khulubvi kukadali anthu osunga kachisi, ndipo pali mabanja kuno amene dzina la Napolo limawakumbutsa manda opanda mitembo. Pekani mayina anu. Tengani kaganizidwe kake, momwe mantha, manyazi ndi kudyerana zimaumbira chinthu chosaoneka, mayinawo muwasiyire eni ake.

Ndipo mukamamanga dziko lanulo musaiwale ansembe. Namoto ndi wakhungu, sadziwa ngati nsembe yafika kapena ayi. Mbuzi zimene midzi ikupereka mwezi ndi mwezi zija akudya ndani? Amene akudyayo akamva kuti kuli gogo wina amene akufuna kukaulula pabwalo, adzafika pakhomo pake Namoto asanafike.