Za ma stem cell ndi chiberekero, maganizo anga

Dzulo usiku achemwali anga ananditumizira kachithunzi pa WhatsApp, ka mankhwala a ma stem cell aja a m'timapaketi osungunula m'madzi, akuti amatsuka chiberekero ndipo munthu sachedwa kuima. Amafuna ndiwathandizeko theka la ndalama. Ndinakana abale, ndipo sindinagone bwino chifukwa ndikudziwa komwe pempho limeneli likuchokera. Nde ndati ndilembe pano mwina pali wina amene akudutsa mu zomwezi.

Achemwali angawa anapita padera zaka zingapo zapitazo, anakawakolopa pa chipatala china, ndipo kungoyambira pomwepo msambo unayamba kuchepa, timadontho tsiku limodzi basi, miyezi ina osabwera nkomwe, mimba sinabwerenso. Kuchimuna anayamba zoyankhula, ena akuti ndi chumba, ena akuti anachotsapo mimba ali mtsikana, ena akuti anawamanga. Zitsamba amwa, ku mapemphero a usiku apita. Patadutsa nthawi yaitali ndi pomwe dotolo wa amayi anawauza kuti mkati mwa chiberekero muli zipsera ndipo makoma ake anamatirirana. Matendawa ali ndi dzina, amati Asherman syndrome, kutengera dotolo wa ku Israel, Joseph Asherman, yemwe anawafotokoza mu 1948. Kalekale konseko anzathu anali atadziwa kale kuti ndi matenda, ife mpaka lero tikumuloza chala mzimayi ngati anachita kufuna. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Mmene ndinamvera ineyo zili chonchi. Mkati mwa chiberekero muli kakhungu kofewa komwe kamakhuthala mwezi ndi mwezi kukonzekera mwana, pakapanda mimba kamasupuka nkutuluka ngati msambo, kenako kamameranso kuchokera pansi. Zili ngati udzu wa kudambo, olo muutche olo muuotche umaphukanso bola mizu ilipo, koma mukapala ndi khasu mpaka mizu patsala nthaka yokhayokha. Chitsulo chokolopera chikalowa kwambiri, makamaka munthu atangopita padera kapena atangochira chiberekero chikadali chofewa, chimatha kuchotsa mizu imeneyi. TB ya m'chiberekero nayonso imaononga chimodzimodzi. Madotolo akamayeza pa sikani nkupeza kuti kakhunguka sikakufika mamilimita 7 amati nkopyapyala, ndipo mimba imavuta kukhazikika olo mazira a mayi ali bwinobwino, olo apange IVF, njira ija yokumanitsa dzira la mayi ndi umuna mu labu kenako nkuika m'chiberekero.

Tsono ma stem cell enieniwo ndi maselo amoyo omwe amatha kuchulukana nkuthandiza thupi kukonza pomwe paonongeka. Mu 2004 gulu la Caroline Gargett ku Monash University ku Melbourne linaonetsa kuti maselo otere alimo mu kakhungu ka chiberekero, ndipo chaka chomwecho Hugh Taylor wa ku Yale anapeza kuti azimayi omwe anapatsidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina anali ndi maselo a munthu winayo m'chiberekero mwao. Apa ndi pomwe ganizo linabwera loti mwina mizu ija ingathe kubwezeretsedwa.

Ndipo anayeseradi. Ku Valencia ku Spain, Xavier Santamaria ndi Carlos Simón anatulutsa zotsatira mu 2016, azimayi 16, mwa iwo 11 a Asherman ndi 5 a kakhungu kofota. Anawabaya jakisoni woti ma stem cell atuluke m'mafupa alowe m'magazi, anawasefa, kenako nkuwabwezera kudzera mu kapaipi kolowa m'mitsempha ya magazi ya chiberekero. Ambiri msambo unabwerera, kakhungu kanakhuthala, atatu anaima paokha popanda IVF. Koma pofika miyezi 6 msambo uja unali utayambanso kuchepa, kusonyeza kuti mphamvu yake sinakhalitse. Ku China nako, pa Nanjing Drum Tower Hospital, anatenga maselo a mu chingwe cha mchombo nkuwaika pa kansalu ka collagen (puloteni yomwe imapezeka mu khungu) kenako nkukayala m'chiberekero, zotsatira za 2018 zinati mwa azimayi 26, okwana 10 anaima ndipo 8 anabereka ana amoyo.

Ine nditawerenga za ana 8 amenewa misozi inalengeza, chifukwa awa ndi azimayi omwe anali atachitidwa kale maopaleshoni osathandiza, anthu ngati achemwali anga ndithu. Nde ndisaname, chiyembekezo ndili nacho ndipo ndimapemphera kafukufukuyu apite patsogolo. Koma tiyeni tinene zoona, anthu 16 kapena 26 ndi ochepa kwambiri, ndipo mu kafukufuku uwiri wonsewu munalibe gulu lina losapatsidwa maselowo loti ayerekezere, nde nkovuta kunena kuti ndi maselo okha omwe anagwira ntchito poti enawo amachotsedwanso zipsera komanso kulandira mahomoni nthawi yomweyo. Izi zikadali zoyesera, sizinafike poti mungopita pa chipatala nkulandira ngati mankhwala a malungo.

Chomwe chimandikwiyitsa ndi ichi. Akafukufuku aja ankagwiritsa ntchito maselo amoyo a munthu, osamalidwa mu labu, olowetsedwa pamalo penipeni ndi madotolo. Nanga ufa wa mu kapaketi womwe wayenda pa basi masiku angapo, umene ukamwa ukupita m'mimba kukagayidwa ngati phala, ungakamatule bwanji zipsera za m'chiberekero? Sizingatheke. Ogulitsawo angobwereka dzina la ma stem cell poti likumveka la sayansi, ndipo akudziwa kuti mzimayi amene watopa ndi kunyozedwa agulitsa olo mbuzi yake yomaliza.

Chilipo kale chomwe madotolo amachita pa matenda amenewa, amalowetsa kakamera kudzera kunjira ya abambo, amati hysteroscopy, nkudula zipserazo akuziona, kenako amapereka mahomoni a estrogen, pena nkuikamo kabaluni kapena lupu kuti makoma asamatirirenso. Kwa omwe zipsera zao si zambiri zimathandiza, kwa omwe zinafika poipa zimatha kubwereranso, ndipo amenewa ndi omwe ma stem cell akuyesedwera. Munthu akaima pambuyo pa zimenezi ayenera kuyamba sikelo msanga chifukwa nsengwa imatha kukakamira kwambiri ku chiberekero.

Komanso kwathu kuno tikanalimbikira kupewa. WHO imalimbikitsa kuti mayi akapita padera azimuthandiza ndi chipangizo chopopa chija cha MVA kapena mapilitsi a misoprostol m'malo mokolopa ndi chitsulo. Azimayi anzanga, mukakolopedwa nkuona kuti msambo wasintha kapena wasowa, musadikire zaka ngati ife, bwererani msanga mukanene. Abambo nanunso muzikayezetsa, si mayi yekha ayi.

Mmawa uno ndawaimbira achemwali. Poyamba anakhumudwa, amaona ngati ndikuwamana. Ndawauza kuti ndalamayo ilipo ndipo ndiwonjezera, koma ikhale ya thiransipoti ndi yokaonana ndi dotolo wa amayi uja, tikamufunse za hysteroscopy. Anakhala chete kanthawi kenako anati chabwino, koma upite nane. Tikupita Lolemba.